Dzuwa la ku York

Pa Lirangwe, mukangodutsa msika, pali hadiweya ya a Ackim Makwinja. Bambo ameneyu anayamba n'kugulitsa misomali ya m'chitini, lero ali ndi malole atatu ndi nyumba ya mpanda ku Chileka, kumene ndege zimadutsa padenga ngati zikupereka moni. Kuyenda ndiye musanene! Joni, Dar, Nairobi, Dubai, pasipoti mpaka kusowa podinda. Koma chimene ankanyadira koposa n'chakuti chibadwire sanavalepo wotchi. Ankangotuluka pakhonde, kutambasula mkono, kuyeza dzuwa ndi chikhatho, basi: "Faifi yakwana, tsekani!" Antchito akasuzumira pa foni, ndendende.

Ukwati wawo utakwanitsa zaka makumi atatu, mwana wawo Tawina, namwino ku Mangalande, anawaitana. M'mwezi wa Juni anapempha masiku awiri kuntchito n'kuwatengera ku York, mzinda wakalekale wa malinga ndi tchalitchi chachikulu chonga phiri.

Tsiku lachiwiri masana, ataima pakhomo pa tchalitchicho, akazi awo a Ethel, amene aimba kwaya kuyambira utsikana, ananena chakukhosi.

"Bambo a Tawina, ine sindikufuna nsapato kapena chikwama. Hafu pasiti faifi kwaya ya muno ikuimba mapemphero a madzulo. Ndikufuna tikakhale benchi imodzi, ine ndi inu. Mawa m'mamawa tikunyamuka, mwayi ndi lero lokha."

"Zochepa zimenezo, mayi! Inu zungulirani m'katimo ndi mwanayu, ine ndikaone sitima zakale za pamtunda zimene akusunga kutsidya kwa mtsinje. Faifi isanakwane mundipeza pano."

"Adadi," anatero Tawina, "dzuwa la kuno si la kwathu. Muziyang'ana pa foni, kapena muzifunsa anthu."

A Makwinja anaseka chikhakhali mpaka nkhunda zinauluka. "Iwe, dzuwa ndi limodzi! Ndaliyeza ku Nairobi, ndaliyeza ku Dubai, silinandinamizepo. Ndikafunse nthawi ine, ndevu zonsezi?"

Tsiku linawakomera ngati uchi. Anakwera pa malinga a miyala n'kuyenda pamwamba pake manja kumbuyo, ngati mwini mzinda. Analowa m'timisewu topanikiza, momwe nyumba zimaweramirana ngati amayi akunong'onezana pachitsime, n'kumagogoda matabwa ndi chala: "Mtengo uwu chiswe chingathyokere mano!" Kosungira sitima kuja ndiye anaiwala dziko. Anajambula gudumu lililonse, bawuti iliyonse, mpaka foni inathima yokha. Sanadandaule. Anatuluka panja, mkono uwo, chikhatho icho. Dzuwa linali tswii pamwamba pa madenga.

"Firii koloko yokha," anatero, n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje kuonerera maboti.

Mabelu a tchalitchi analira, mzinda wonse kunjenjemera. "Akuyesera," anadziuza. Pobwerera anaona wotchi yaikulu pakhoma ikuloza sikisi. Anaipukusira mutu mwachisoni: "Mzinda wakale, mawotchi akenso otopa." Pamlatho anakumana ndi mkulu wina woyenda ndi galu, wotchi ili ngwee padzanja. Anacheza naye za simenti, za mvula ya ku Malawi, za mtengo wa malata, n'kusiyana ngati apachibale. Funso la mawu atatu lokha, loti nthawi ili bwanji, ndi limene silinatuluke.

Chikhatho chitawauza kuti folo yapitirira, anagula ayisikirimu atatu n'kulunjika ku tchalitchi akuimba mluzu. Anapeza zitseko zili gwa, a Ethel ndi Tawina atakhala pabenchi panja.

"Mwaona? Ndafika nthawi isanakwane!"

Tawina anangowaonetsa foni. Hafu pasiti seveni.

A Makwinja anayang'ana foni, anayang'ana kumwamba, anayang'ananso foni. Ayisikirimu anayamba kuyenderera m'zala.

"Kuno m'chilimwe dzuwa limalowa cha m'ma teni, adadi. Ndimafuna kukuuzani, munandidula."

"Ndinakusungirani malo," anatero a Ethel mofatsa. "Ndinaikapo chitenje changa. Aliyense wofuna kukhala ndimamuuza kuti amuna anga akubwera, mpaka Ameni womaliza."

Munthu amene sanasowepo chonena pamaso pa akasitomu kapena pachipata cha dziko lililonse anangovula chipewa. 

"Ndalakwa, mayi. Ndakulakwirani kwambiri."

A Ethel anawayang'ana nthawi yaitali. Koma kuona bambo wamkulu, mwini malole atatu, ayisikirimu akudontha m'chigongono, phwete linawapulumuka. Tawina naye anagwira m'mimba. Anaseka mpaka misozi.

"Khalani apa, bweretsani zimenezo zisanathe," anatero mayiwo akusendera. "Zimene mwaphonya, abambo! Tiana tating'ono, mawu ngati madzi a pakasupe. Akayamba, nyimbo imakwera m'denga, iwo atseka pakamwa, iyo ikadali m'mwamba ikuzungulira. Ine thupi lonse tsembwe. Ndapemphera, ndakupemphererani ndi inu omwe."

Anakhala atatuwo pabenchi lija, dzuwa lopanda manyazi likuwawalirabe.

Atabwerera ku Chileka, abale ndi anansi anadzaza pakhonde kudzamva za ulendo. A Makwinja anasimba za malinga, za sitima, za mkulu wa galu, manja ali m'mwamba. Kenaka mlamu wawo Aubrey anafunsa:

"Nanga kwaya yotchukayo, alamu, munaimva bwanji?"

 A Makwinja anakanda kumutu, n'kukankhira mpando wawo waukulu kwa akazi awo.

"Imeneyo funsani mayiwa. Ine ndinali kalikiliki kuyeza dzuwa la eni."

Khonde lonse linaphulika. A Ethel anakonza duku, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, mwinanso kuimbako pang'ono, ndipo kwa ola lathunthu amuna awo anamvetsera pakamwa pali yasa, monga wina aliyense amene sanapiteko.

Munthu ungadzaze pasipoti, ungaoloke nyanja zonse, dziko la eni limakhala ndi chake chimene sunachionepo, ndipo pakamwa sipalemera kunyamula. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.