Mayeso Onunkhira Mandasi

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi nyanda, kale la dzana lomweli pamene mandasi ankakulungidwa m'mapepala, pamudzi wa Nsanamira panali mtsikana dzina lake Mwandida. Makolo ake anali atamwalira. Ankakhala ndi mkulu wake, Lekeleni, m'nyumba imene mayi awo anasiya, ndipo mwini mbumba anali amalume awo, a Kamtedza, bambo amene ankakonda njinga yawo kuposa chilichonse chopuma. Njingayo inali yakuda, ya belu lolira ngati mbalame ya m'dambo. Mvula ikamagwa inkagona m'nyumba, mbuzi zikunyowa panja.

Mwandida anali mu Sitandade 8. Kuseri kwa mapiri kunali sukulu ya atsikana yogonera komweko, imene chaka ndi chaka inkalembetsa mayeso akeake olowera, n'kutenga mtsikana mmodzi yekha wa dera lonselo kuti aphunzire ulere. Mwandida anali asanaionepo sukuluyo. Ankangoilota dzuwa likuswa mtengo, ali pamtondo, mpaka mphale kutayikira nkhuku.

Ofuna malo amenewo ankapita ku patitaimu, maphunziro olipira a masana kwa aphunzitsi a Gwaza. Mwandida analibe cholipira. Tsiku lina anakaima kunja kwa zenera kuti angotolako mawu ogwa pansi, koma a Gwaza anamuona.

"Zam'kati muno n'za amene makolo awo atulutsa kanthu," anatero, n'kutseka zeneralo pang'onopang'ono, ngati munthu wotsekera ntchentche kunja.

Sabata yomweyo a Kamtedza anafika pakhomo akuliza belu. Anapeza anthu oyandikana nawo atakhala pamkeka akusenda mtedza, ndipo sanadikire n'komwe kuti apatsidwe mpando.

"Mwandida, ndakupezera ntchito ku Lilongwe. Mayi wina akufuna mtsikana wolera mwana. Ndavomera kale. Unyamuka tisanakolole."

"Mayeso ali pambuyo pokolola, amalume."

"Mayeso ati? Kuno ndani anakhozapo wopanda patitaimu? Tanditchulira mmodzi."

"Chaka chino mumutchula ndinu."

Anthu a pamkeka anaseka, ndipo kusekako kunawaluma a Kamtedza ngati linthumbu. Anamenya chishalo cha njinga ndi chikhatho.

"Mwamumva mwana wa mlongo wangayu? Chabwino. Anthu inu mukhale mboni. Akakhoza mayeso amenewo wosaponda pakhomo pa a Gwaza, njinga iyi ndipereka kwa amene wamukhozetsa. Koma sindikudziwa kuti alemba bwanji ali ku Lilongwe, mwana wa eni ake ali kumsana."

Ananena akuseka, poti ankadziwa kuti njinga yawo ili pabwino.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Lekeleni. Iyeyu sukulu anaisiya kale, koma anali ndi kadimba ka tomato m'mbali mwa mtsinje, kamene anakalima yekha ndi khasu lobwereka. Tomatoyo anali atayamba maluwa. Tsiku lija Lekeleni anangopitiriza kusenda mtedza. Koma m'mawa wa tsiku la ulendo, a Kamtedza atabwera kudzatenga Mwandida, anapeza amene wamanga kachikwama ndi Lekeleni.

"Iwe ukupita kuti?"

"Ku Lilongwe. Mayiyo anati akufuna mtsikana, dzina sanatchule. Ine si mtsikana?"

"Akufuna wamng'ono, woti azimutuma."

"Akandituma ndidzapita. Akandikalipira ndidzamva. Koma uyu sakuchoka pano."

Basi inali pafupi kudutsa, ndipo a Kamtedza anaopa manyazi okauza mayi uja kuti alibe munthu. Anakweza kachikwamako pakeliyala akung'ung'udza. Lekeleni anakokera mng'ono wake pambali.

"Tomato wanga usakamuthirire."

"Achemwali, auma."

"Aume. Ndikadzamva kuti unkataya masana kudimba, ndidzakukwapula ndi mtengo womwewo wa tomato. Iwe ntchito yako ndi mayeso."

Tomatoyo anaumadi. Mwandida ankadutsa njira ina kuti asamuone.

Nthawi tsopano anali nayo, koma choti awerenge analibe. Buku la masamu kusukulu kwawo linali limodzi, ndipo linkagona m'kabati ya ahedi. Tsiku lina akudutsa pamsika, mphepo inamubweretsera kapepala ka mafuta kumapazi. Anakatola. Panali funso la mlimi amene anali ndi nkhuku zambiri, chitopa n'kugwa, zina n'kufa, zina n'kugulitsidwa, ndiye... Apo pepala linali long'ambika. Mwandida anaima pakati pa njira, njinga zikumuimbira mabelu, mtima uli pa nkhuku za mlimi wosamudziwa. Funsolo linali ngati chilape chimene wofunsa wathawa asanamalize.

Anatsatira fungo mpaka anafika pa beseni la a Nambewe, mayi wogulitsa mandasi. Iwowa ndiwo anali wachiwiri. Kuwerenga sankadziwa. Mapepala ankawapeza m'mitolo kwa mlamu wawo wosesa m'masukulu a kuboma, ndipo ankawang'amba pakati kuti achuluke.

"Amayi, theka la pepala ili lili kuti?"

"Lapita ndi mandasi, mwanawe. Mwina lili m'thumba la wakabaza, mwina mbuzi yadya. Bwanji, pali dzina lako?"

"Ndi mayeso akale awa. A sukulu ya kuseri kwa mapiri."

A Nambewe anayang'ana mtolo wawo ngati aona njoka itagona m'dengu.

"Ndiye zaka zonsezi anthu akhala akupukutira milomo nzeru? Tandionetsa, a mayesowo amaoneka bwanji?"

Mwandida anawaonetsa: okhala ndi timabokosi, ndi mizere ya madontho poyankhira. Kuyambira tsiku limenelo a Nambewe sanang'ambenso pepala lotere. Ankaliika pambali, pansi pa nkhata yawo. Mapepala wamba atatha, anayamba kukulunga mandasi m'masamba a nthochi, ndipo ogula ena ankanyinyirika kuti mandasi akununkha munda, n'kupita kwa mayi wa tsidya la msewu. Akasowa masamba, ankakulunga ndithu m'pepala la mayeso, koma wogula ankadya ataima pomwepo.

"Mandasi ndi anu, achimwene, pepala ndi langa. Idyani mubweze."

"Kodi mayi, mwayamba misala?"

"Misala yanga ikupita ku sekondale. Yanu ikupita kuti?"

Madzulo beseni linkabwerera kunyumba lili ndi mandasi otsala, zimene kale sizinkachitika. Koma Mwandida ankabwerera ndi mapepala owala mafuta, oti ukawaloza kudzuwa unkawerenga mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. M'nyumba monse munkanunkhira mandasi, m'mimba muli zii.

Komatu mapepalawo anali ndi mafunso okhaokha. Funso silidziyankha lokha. Mwandida ankalimbana ndi ena mpaka mutu kuwawa, ndipo panalibe womuuza ngati walondola kapena wasochera.

Apa m'pamene panabwera wachitatu, Felesiya, mwana wa mwini golosale. Iyeyu ankapita ku patitaimu, ndipo tsiku limene zenera linatsekedwa anali atakhala pafupi nalo. Nayenso ankafuna malo omwewo, ndipo aliyense pamudzi ankati ndi ake kale. Anamupeza Mwandida kuseri kwa chigayo akulemba pakhoma ndi khala.

"Apo walakwitsa. Umayamba ndi zam'kati mwa mabulaketi."

"Ndani wakufunsa?"

"Palibe. Koma khomali likundipweteka m'maso. Bweretsa khalalo."

A Gwaza sankalola kuti kope lituluke m'chipinda chawo, choncho Felesiya ankatuluka ndi zophunzirazo m'mutu. Tsiku ndi tsiku, akaweruka, ankathamangira kuseri kwa chigayo zisanatayike, n'kuzikhuthulira pakhoma. Chimene a Gwaza anaphunzitsa masana, khoma linkachidziwa dzuwa lisanapendeke. Mwandida ankabweretsa mafunso a mafuta, Felesiya njira zake, ndipo ankakangana ngati agalu awiri pa fupa limodzi mpaka yankho litatuluka.

Nkhani inafika kwa bambo ake a Felesiya. Anabwera okha kuchigayo, nkhope ili gwaa.

"Ine ndikulipira kuti iwe ukhoze, osati kuti uzigawa ngati ndiwo za pamaliro. Sukudziwa kuti malo ndi amodzi?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye ukunolera mnzako mpeni woti akuchekere?"

"Ngati ndingakhoze chifukwa choti mnzanga anamutsekera zenera, kukhoza kumeneko sindikukufuna. Tikalembe tonse, mayeso asankhe okha."

Anamukoka dzanja kupita naye kunyumba, ndipo anamuletsa kupondanso kuchigayo. Mawa lake atsikanawo anasamukira kuseri kwa tchalitchi, kumene khoma lake linali lalikulu kuposa.

Atakolola, tsiku la mayeso linafika. Atsikana a dera lonse anakhala m'mizere, ena ndi zolembera zatsopano, Mwandida ndi kapensulo kofupika ngati chala. Atatsegula pepala, anangotsala pang'ono kuseka. Linali loyera, losang'ambika, lopanda dontho la mafuta, ndipo mafunso onse anali ndi mitu ndi michira yomwe. Kwa munthu wozolowera kusaka nyama yoona mchira wokha, iyi inali nyama yogona pabwalo.

Zotsatira zitabwera, ahedi anaitana mudzi wonse pansi pa mtengo wa kachere wa pasukulu. Woyamba anali Mwandida. Wachiwiri, wotsatira pafupi ngati chidendene ndi nthaka, anali Felesiya. Malo anali amodzi. Felesiya anayenera kupita ku sekondale yoyendera, imene inali kutali koti munthu wapansi ankanyamuka nkhuku zisanatsike n'kukafika phunziro loyamba litatha.

Amayi anaimba nthungululu, ena anamuthira Mwandida ufa kumutu mpaka anayera ngati nkhalamba. Lekeleni, amene anapempha masiku kwa abwana ake kuti adzamve yekha, anali pomwepo, woonda, manja atasuwa ndi sopo wochapira matewera. Kenako mmodzi wa anthu a pamkeka uja anakweza mawu.

"A Kamtedza, belu lija silikumvekatu lero."

A Kamtedza anafuna kuzemba, koma mboni zinali zambiri. Anabwera akukankha njinga, akuipukuta fumbi ndi mpango ngati akuperekeza mwana ku ukwati. Ali m'njira anali ataganiza kale pothawira.

"Ine sindikana mawu anga. Koma tiyeni tinene zoona. Nzeru zimene Felesiya ankatulutsa zinali za yani? Za a Gwaza. Ndiye mwanayu wakhoza ndi patitaimu yomweyo, yakuba. Njinga ikhale kwa ine, kapena ipite kwa a Gwaza."

A Gwaza anakonza kolala, n'kuyamba kudzuka. Mwandida anapukuta ufa m'maso.

"Amalume, munati ndikakhoza wosaponda pakhomo pawo. Sindinapondepo. Chimene a Gwaza anandipatsa ndi zenera lotseka. Ngati zenera limapalasa njinga, lipatseni."

Anthu anaseka mpaka ana anagwa pansi, ndipo a Gwaza anakhalanso. A Kamtedza anakukuta mano.

"Pakamwa ngati mayi ako. Chabwino. Ndinati ndipereka kwa amene wakukhozetsa. Amene, osati amene ndi amene. Njinga yanga sigawidwa, sigulitsidwa, sibwerekanidwa ngati lichero. Tchula munthu mmodzi dzuwa lisanalowe. Ukalephera, ndikwera ndibwerere nayo kwathu."

Atatu aja sanachite manyazi onama. Aliyense anali ndi njala yake ya njingayo.

Lekeleni anati, "Ndikanapanda kukwera basi ija, bwenzi lero ukuchapa matewera, mapepala ako akukulunga mandasi. Dimba langa linafa chifukwa cha iwe. Ndi njinga iyi ndingalidzutse, n'kumakagulitsa tomato kumsika wa kuboma, osabwereranso kukagona pakhitchini ya eni ake."

A Nambewe anati, "Nthawi yopanda chowerenga ndi ulesi chabe, mwanawe. Ine ogula anandithawa, ndipo sanabwerere. Khosi langali latopa ndi beseni. Ndi njinga ndingakafike kumisika ina kumene sanandimve kuti ndine wamisala."

Felesiya anayankhula motsitsa, maso ali pa mnzake. "Mafunso unali nawo, mayankho unalibe. Ndikanakhala chete, bedi limene ukagonepo kusukuluko likanakhala langa. Sindikulilira. Koma ulendo umene wanditsalira ndi wautali, ndipo bambo anena kuti wogawa nzeru zawo ayende wapansi."

Mwandida anaima pakati pawo, ufa ukuyoyoka paphewa. Anayang'ana manja a mkulu wake, anayang'ana nkhata ya a Nambewe, anayang'ana mapazi a Felesiya. Mafunso onse a sukulu ya kuseri kwa mapiri anawagonjetsa, ngakhale ong'ambika pakati, koma ili linali lathunthu ndipo linamukanika. Mthunzi wa kachere unali ukutalika. A Kamtedza anayamba kumwetulira, phazi limodzi lili kale pa pedulo.

Mwandida anatambasula dzanja n'kugwira chiwongolero.

"Tsitsani phazi, amalume. Kumene ipite sindinadziwe, koma kwanu njingayi sibwerera."

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, dzuwa lija likulowa ndipo dzanja la Mwandida likadali pa chiwongolero. Mmodzi anamupatsa nthawi n'kutaya dimba lake. Wina anamupatsa mafunso n'kutaya ogula ake. Winayo anamupatsa njira n'kutaya malo ake omwe. Musandiuze zogawana, poti a Kamtedza akumva. Belu lija lizilira pakhomo pa yani: pa Lekeleni, pa a Nambewe, kapena pa Felesiya?