Nkhomo Imene Inadumpha Dzenje

Fanizo ili ndinalimva kwa malemu a Nehemiya Kalonjere, mkulu wa mpingo wathu. Analinena tsiku lomwe ena anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti a Gilibati, amene anatiwerengera Mawu zaka makumi atatu, aleke kuwerenga, poti maso awo anali atayamba kufooka ndipo Lamulungu lapitalo anadumpha ndime imodzi. A Kalonjere anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo anayankhula mwaukali. Ndalemba monga ananenera, changa sindinaikepo.

Panali munthu wina wokhoma zidebe pamsika wina, katswiri wa bawo. Akaweruka ankapita pansi pa mtengo wa kachere, kuseri kwa zigayo, kumene amuna ankasonkhana mozungulira thabwa lakale la maenje makumi atatu ndi awiri. Amene anamuphunzitsa anali telala wina wokalamba, amene anasiya makina ake dzanja litayamba kunjenjemera, koma bawo sanalisiye.

Pakacherepo panali miyambo iwiri. Woyamba unali wakuti wodyedwa amadzuka pachitsa, wina n'kukhalapo. Wachiwiri unali wakuti munthu akamagawa nkhomo zake imodziimodzi m'maenje, dzanja n'kuphonya, mnzake amangoti, "Mwadumpha apo, bwezani," masewera n'kupitirira. Telala uja ankati, "Pano timalimbana ndi mutu wa munthu. Dzanja ndi wantchito chabe."

Wokhoma zidebe uja ali mnyamata anamva mawu akuti "bwezani" kosawerengeka. Atakula sanadzukenso pachitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri palibe anamudzutsapo.

Mbiri yake inamveka, ndipo anasankhidwa kukaimira dziko pampikisano wa mayiko, mumzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumeneko anapeza zina. Mathabwa anali opakidwa polishi, ataikidwa pamatebulo m'holo yaikulu, mbendera za mayiko zili lendelende kudenga. Pambali pa thabwa lililonse panali wotchi. Oonerera anawakhazika kutali, kuseri kwa chingwe, osaloledwa ngakhale kutsokomola mokweza. Woweruza wovala taye anawerenga malamulo, womasulira n'kumamasulira. Lamulo lina linati: wodumpha dzenje pogawa nkhomo wagonja pomwepo, ngati mnzakeyo wakweza dzanja. Akapanda kukweza, wolakwayo abweze, masewera apitirire.

Munthu uja anasewera masiku anayi osagonja. Tsiku lachisanu anatsala awiri: iye ndi mkulu wina wa kuzilumba, wa imvi mpaka m'nsidze, wovala chisoti choyera, woyendera ndodo. Chinenero sankamvana. Koma atangoyenda maulendo atatu, wokhoma zidebe uja anadziwa kuti lero wakumana ndi mwini bawo.

Analimbana nthawi yaitali. Kenaka mkulu uja anayang'ana thabwa, milomo ikugwedera pang'ono powerenga, n'kutapa nkhomo zisanu ndi zinayi m'dzenje limodzi.

Wokhoma zidebe uja nayenso anawerenga mumtima. Anaona kumene nkhomo yomaliza ikagwere: moyang'anana ndi dzenje lake lonona. Anaona kuti zikadyedwa zimenezo, ulendowo ukazungulira n'kudyanso zina, n'kuzunguliranso, mpaka mzere wake wakutsogolo utatsala mbee. Anawerenga kachiwiri, zinali zomwezo. Anali atagonja kale, kungoti nkhomo zinali zisanafike pansi.

Mkulu uja anayamba kugawa. Imodzi, ziwiri, zitatu. Dzanja linali kunjenjemera monga amachitira manja a okalamba. Pa nkhomo yachisanu ndi chiwiri dzanjalo linagwedezeka, nkhomoyo n'kudumpha dzenje lake n'kugwera m'dzenje lotsatira. Mkuluyo anaona yekha. Anamwetulira mwamanyazi, n'kutambasula zala ziwiri kuti aibweze.

Mawu akuti "bwezani" anafika pakamwa pa munthu uja, pakuti anakula nawo. Koma anayang'ana kutsogolo kwa holo, kumene chikho chinali kunyezimira patebulo la nsalu yofiira. Anameza mawuwo. Anakweza dzanja.

Woweruza anabwera, anayang'ana, anaimitsa wotchi. Lamulo linali lamulo. Mkulu wa kuzilumba uja sanatsutse. Anamuyang'ana munthu uja m'maso nthawi yaitali, ngati mmene munthu amayang'anira mwana wa mnzake amene wamupeza akuba nkhuku. Kenaka anatenga ndodo yake n'kutuluka.

Anaimba nyimbo ya fuko. Anamujambula zithunzi atanyamula chikho. Pobwerera, msika wonse unamuchingamira pasiteji ya basi, amayi akululutira, a njinga za kabaza akuliza mabelu. Anamuperekeza mpaka pakachere, anakhala pachitsa chake, chikho n'kuchiika pambali pa thabwa.

"Achimwene, akuti kunjako nkhomo amatapa ndi supuni, n'zoona?" anafunsa wogulitsa makala wina, anthu n'kuseka.

"Asiyeni apume, aona nyanja yopanda tsidya awa," anatero wina.

Telala uja anali atakhala pamuzu wa mtengo. Phokoso litatsika anati, "Mwana wanga, tiikire masewera omalizawo mmene analili, tione mmene unamudyera mkuluyo. Nafenso tiphunzireko."

Munthu wa bawo saiwala mmene thabwa linakhalira, ndipo onse pakacherepo ankadziwa zimenezo. Akanati waiwala, akanamuseka. Akanaika monama, telala akanaona, pakuti nkhomo zili ndi chiwerengero chake ndipo dzenje lililonse limanena kumene zachokera. Choncho anaika moona, dzenje ndi dzenje.

Telala anadzuka pamuzu, n'kudzakhala mbali ya mkulu wa kuzilumba uja.

"Woyenda anali ndani?"

"Anali iwowo."

Telala anayang'ana kanthawi, milomo ikugwedera. Kenaka anatapa nkhomo zisanu ndi zinayi zomwe zija, popanda womuuza. Anayamba kugawa. Dzanja lake linanjenjemera, nkhomo ina n'kupulumuka, kugwa pansi, kugubuduzika mpaka kumapazi a wogulitsa makala uja. Iye anaitola, anaiuzira fumbi, n'kuibwezera m'dzanja la telala. Palibe anadabwa. Zinkachitika tsiku lililonse.

Telala anapitiriza. Anadya dzenje lonona lija. Anazungulira, anadyanso. Anazunguliranso. Pomaliza mzere wakutsogolo wa katswiri uja unatsala mbee, ngati munda wokolola kale.

Kenaka anayang'ana chikho chija pambali pa thabwa.

"Nanga chikhochi chabwera bwanji?" anafunsa telala.

"Anadumpha dzenje, madala. Lamulo la kumeneko limati..."

"Lamulolo linakweza lokha dzanja lako?"

Munthu uja anawerama.

"Mkuluyo sanadziwe poika nkhomo yake?"

"Anadziwa. Dzanja lawo linkanjenjemera."

Telala anatambasula dzanja lake pamwamba pa thabwa, likugwedezeka ngati tsamba la chimanga pamphepo, kuti onse alione.

"Ngati ili?"

Munthu uja anatembenuzira nkhope kumbali, telala n'kupitiriza.

"Dzanja ili ndi limene linakuphunzitsa. Lako lija, lolimba bwino, linadumpha maenje angati pathabwa lino uli mnyamata? Ndani anakukwezera dzanja? Ife tinakutuma ukaonetse mayiko mmene timasewerera kuno. Iwe wakawaonetsa kuti kwathu kuno timadikira nkhalamba ipunthwe kuti tiilande ndodo. Ndipo tonsefe takululutira!" Apa telala analoza mzere wopanda kanthu uja. "Wadyedwa. Dzuka."

Munthu uja anayang'ana uku ndi uku, kufuna mmodzi yekha womuikira kumbuyo. Onse maso anali pathabwa. Anadzuka pachitsa chimene anakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, wogulitsa makala uja n'kukhalapo, n'kuyamba kutolera nkhomo. Wina anapatsira katswiri uja chikho chake kuti chisatchinge thabwa. Anaima kumbuyo kwa anthu atachikumbatira, wopanda poika.

Apa a Kalonjere anasiya fanizo, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, mpaka maso awo anafika kwa amene anabweretsa nkhani ya a Gilibati. Ndipo anati:

"Abale anga, sindikunena kuti lamulo n'loipa. Woweruza uja sanalakwe. Koma lamulo lija linasiya khomo lotsegula, ndipo munthuyo analitseka ndi dzanja lake, akudziwa mumtima kuti mnzakeyo wamuposa. Inu amene mwaima lero ndi ndime imodzi yodumphidwa, a Gilibati anakuwerengerani ndime zingati musanadziwe n'komwe kutsegula Buku? Akadumpha, simungathe kunong'ona kuti 'bwererani apo, bambo'? Kapena mwakhala mukudikira maso awo afooke kuti chitsa chikhale chanu? Tengani chitsacho ngati mukuchifuna. Koma dziwani kuti lilipo tsiku limene Mwini thabwa adzati, 'Ikani mmene zinalili.' Ndipo tsiku limenelo, nanunso dzanja lidzakhala likunjenjemera."