Kalembera wa a Mng'azi

Kalekale, ana inu, senderani kuno. Nanunso akuluakulu kumbuyoko musanamizire kugona, nkhaniyi ikukukhudzani.

Kalekale kunali dziwe lina pansi pa mkuyu waukulu. M'dziwemo munali matemba, makumba ndi milamba ya ndevu zake. Mumkuyumo munali mphako zambiri, ndipo m'mphakomo munkakhala akadzidzi, banja ndi banja. Pakati pa madzi ndi mtengo, m'una wa m'matope, munkakhala Nkhanu, mayi wamng'ono wa maso otong'oka, woyenda chammbali, ndi tiana take.

Chaka china zinthu zinayamba kuchepa. Matemba amene kale ankadetsa madzi bii, tsopano ankadutsa limodzilimodzi ngati ochokera kumaliro. Kumkuyu nako akadzidzi ankalira patalipatali. Mvuu, mwini dziwe, anaitanitsa msonkhano. Koma Mvuu ameneyu anali wa tulo. Mawu ankawayamba ndi pakamwa, n'kuwamaliza ndi mkonono.

"Abale, tikutha," anatero Mvuu. "Wina atiuze chimene chikutidya."

Apo Mng'azi anatulukira poyera, khwekhwerere, mchira ukulemba pamchenga. Chinali chinyama chachitali, cha zikhadabo ngati makasu.

"Kulira sikuthandiza," anatero. "Pamenepa pakufunika kafukufuku."

"Kafukufuku ndiye chiyani, bambo?" Nkhanu anafunsa.

"Mwaona? Umbuli. Ine ndinakhalapo m'ngalande ya kuseri kwa nyumba ya anthu ophunzira. Iwowo chinthu chikamachepa, amayamba achiwerenga. Tsono pano ndani amasambira, n'kumakweranso mtengo? Ndine ndekha. Ndikhala wakalembera wanu, kwaulere."

Onse anawomba m'manja. Mng'azi anaika malamulo awiri. Nsomba zizilowa imodziimodzi m'kakhwawa ka kuseri kwa bango, wina asasuzumire. Akadzidzi nawo dzuwa likafika paliwombo azichoka pamazira, akawodzere pamtengo wina. "Maso ambiri amasokoneza chiwerengero," anatero.

Kalembera anayamba. Mng'azi akawerenga m'madzi, ankakwera kumkuyu. Akatsika, ankaima pamwala, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Zachepa, abale. Pakufunika kafukufuku wina."

Anawerenganso. Anaimanso pamwala.

"Zachepa ndithu, abale. Pakufunika kafukufuku wina."

Akadzidzi ambiri, poona kuti mazira akungosowa, anati mtengowo ndi wolodzedwa, ndipo anasamuka. Panatsala Mayi Kadzidzi mmodzi wokalamba, wofungatira mazira awiri.

Tsono una wa Nkhanu unali ndi khomo lachiwiri, ndipo khomolo linkatulukira m'bango muja. Tsiku lina Nkhanu akukankhira matope kunja, anamva mawu a Mng'azi pafupi penipeni.

"Wotsatira! Dzina?"

"Temba, bambo."

"Wakwanitsa zaka zingati?"

"Sindinathe chaka, bambo."

"Sendera kuno ndikuone bwino."

Kwiti!

"Wotsatira!"

Nkhanu anauma gwa. Anafuna kubweza maso ake m'kati, koma maso a nkhanu mukuwadziwa, amachedwa kubisala. Mng'azi anacheuka, ndipo maso awo anakumana. Mng'azi anangomwetulira.

Madzulo ake Mng'azi anaima pamwala paja, nkhope ili ndwii.

"Abale, kafukufuku wabala zipatso. Mdani tamupeza. Amene akutha nsomba ndi mazira si wina ayi, koma nkhanu."

"Bodza!" Nkhanu anakuwa. "Ndawaona ndi maso angawa akumeza..."

"Mwamva? Wavomera yekha kuti amasuzumira m'bango. Amafunamo chiyani? Munthu wolungama amayenda chammbali? Mawa ndikatsika kumkuyu, ndidzawerenga nkhanu zonse, kuyambira tiana."

Nkhanu anathamangira kwa Mvuu. "Agogo, ndimvereni!" Koma Mvuu anali atamira kale, pamwamba pangotsala mphuno, mkonono uli fooo, fooo.

Kutacha, Nkhanu anasonkhanitsa tiana take kunsi kwa una, n'kumata makomo onse awiri ndi dothi. Kenaka anapita patsinde pa mkuyu.

"Odi kumwambako, mayi!"

Sanamve ngakhale phiko. Anangozindikira ali chagada, zikhadabo za Mayi Kadzidzi zili pamimba pake.

"Iwe wakuba iwe! Wabwera kudzaona otsalawo?"

"Mayi, musanandiswe, tayang'anani miyendo yangayi. Ine n'kukwera mkuyu? Nditayamba lero, ndingakafike mazira anu ataswa, ana atakwatiwa."

Mayi Kadzidzi anayang'ana miyendoyo. Anayang'ana mtengo. Anatembenuza mutu mpaka kumsana, monga achitira akadzidzi akamaganiza.

"Nanga ndani?"

"Mazira amasowa nthawi yanji, mayi? Inu muli pomwepo, kapena mutachoka?"

Zikhadabo zija zinamasuka pang'onopang'ono.

"Mng'azi! Ndimukolowola maso," anatero Mayi Kadzidzi.

"Akuthyolani phiko ndi mchira, kenaka akanena kuti kafukufuku wapeza kuti akadzidzi ndi amisala. Ayi, mayi. Onse aone okha. Mazira anuwo kawabiseni m'mphako ya pamwamba, mwa anzanu anasamuka aja. Mukatero munditolere nsangalabwi ziwiri zoyera, zobulungira bwino. Ndipo ine mundinyamule."

"Ndikunyamule upite kuti?"

"Muchisa mwanu. Lero mwaikira dzira lachitatu."

Mayi Kadzidzi anachita zonsezo. Koma atamuika Nkhanu pakati pa miyala ija, anapukusa mutu. "Ndiwe wakuda ngati chikuni. Dzira lanji lotere?"

Nkhanu anayang'ana uku ndi uku. Pakhomo pa mphako panali poyera mbee ndi zitosi za zaka ndi zaka. Anausa moyo.

"Mayi, zimene muone panozi musakauze munthu."

Anagubuduka m'zitosimo, kumsana, kumimba, mpaka anayera. Anapinda miyendo, anabisa manja ake opanira kunsi, anagoneka maso. Dzuwa litafika paliwombo, Mayi Kadzidzi anauluka, ndipo m'mphako munangoti zii.

Ana inu, kudikira kumapweteka. Fungo linali losaneneka. Mwendo umodzi unachita dzanzi. Nkhanu ankadziwa chinthu chimodzi: Mng'azi akangoyasama n'kumumeza osayamba wamunyambita, zonse zathera pomwepo, ndipo madzulo chinyamacho chikafukula una uja.

Kenaka anamva. Kwakwata, kwakwata, zikhadabo pakhungwa. Kwakwata, kwakwata. Kuwala kwa pakhomo kunazima. Mpweya wonunkha nsomba unadzaza mphako yonse.

"Odi, odi, wakalembera wafika," Mng'azi ananong'ona, akuseka yekha. "Woyamba!"

Kwiti! Mwala unatsika kukhosi, gudu.

"Ha! Lolimba chikhokho. Mayi ameneyu amadya bwino. Wachiwiri!"

Kwiti! Gudu.

Apo anaima. Nkhanu anamva mphuno yozizira ikumukhudza pamsana.

"Dzulo analipo awiri," Mng'azi anatero pang'onopang'ono. "Ili lachokera kuti?"

Analigubuduza ndi chikhadabo. Nkhanu anagubuduka ngati dzira.

"Laphwatalala. Ndiponso likununkha." Analinunkhizanso. "Kapena ndi lovunda? Lovunda limatsegula m'mimba."

Mng'azi anabweza mutu, ndipo kuwala kunayamba kulowanso. Nkhanu anaona kuti msampha ukulephera. Akapita osaligwira, miyala ija aigaya mwakachetechete, ndipo palibe adzadziwe kanthu. Koma dyera, ana inu, silitsanzika msanga. Mutu uja unabwereranso.

"Komabe wofufuza weniweni sataya chinthu asanachilawe."

Lilime linatuluka, lalitali, lonyowa. Linadutsa pamsana pa Nkhanu, lawi. Linabweranso chakumimba, lawi.

Gwi!

Dzira linamera manja. Nkhanu anapana lilimelo pakati penipeni ndi mphamvu zake zonse.

"Aaaa! Yiya yayuma! Yiya yayuma!" Mng'azi anakuwa. Ankafuna kunena kuti dzira laluma, koma lilime linali ndi mwini wina.

Anadumphira m'mbuyo, kuiwala kuti kumbuyoko kulibe nthaka. Anagwa, nthambi zikuthyoka, Nkhanu akulendewera kukamwa, mpaka m'dziwe, chubwi! Madzi anathovukira m'mphuno mwa Mvuu, ndipo Mvuu anadzidzimuka n'kuyetsemula. Nsomba zonse zimene zinkadikira zotsatira pafupi ndi mwala uja zinathamangira pomwepo.

Mng'azi anayesa kusambira. Miyala ija inati ayi. Anapalasa ndi manja, anapalasa ndi mchira, koma mimba inkamukokera pansi. Anagwira muzu wa mkuyu, mphuno yokha ili kunja.

"Bambo wakalembera," anatero Nkhanu, osamasula dzanja, "anthu akudikira zotsatira. Zitulutseni."

"Iyaye!"

"Muzuwo ukuterera, bambo. Ine m'madzi ndi kwathu. Kaya inu."

Muzu unaterereka. Mng'azi anamira, anavuuka, anamiranso. Atavuuka kachitatu, maso ali psuu, anakweza mimba, n'kuyamba kubweza. Gudu, nsangalabwi yoyamba. Gudu, yachiwiri. Nkhanu ali lende kunsi kwa chibwano, osasiya. Kenaka minga ya nsomba. Kenaka ndevu za mlamba. Pamapeto pake panatuluka katemba kamoyo, kamene kanawerengedwa m'mawa womwewo. Kanazungulira kawiri ngati koledzera, n'kuyang'ana Mvuu.

"Agogo, musalowemo. Mulibe zowerenga m'menemo. Muli mdima wokhawokha."

Mayi Kadzidzi anatera panthambi yapansi.

"Miyala imeneyo ndinaika ndine muchisa, m'malo mwa ana anga," anatero. "Tafunsani wophunzirayo kuti yafika bwanji m'mimba mwake."

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Mvuu anatsegula maso onse awiri. Anayamba kuyenda, madzi akugawikana. Mng'azi ataona mano aja akubwera, anakoka mutu mwamphamvu. Nkhanu sanasiye. Anakokanso. Nkhanu sanasiye. Anakoka kachitatu, ndipo lilime linang'ambika pakati, kwee! Nkhanu anagwera m'madzi, Mng'azi n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, osacheuka, mpaka kuseri kwa phiri.

Nkhanu sanadikire zothokoza. Anathamangira ku una, n'kukumba dothi lija. Tiana tonse tinali tamoyo. Koma titangomva fungo, tinathawira kukona.

"Si amayi awa! Amayi athu sanunkha chonchi!"

Nkhanu anakasamba, anadzikhula ndi mchenga, anasambanso, ndipo pokhapo m'pamene tiana tija tinamulola kulowa m'nyumba yake yomwe.

Mazira awiri aja anaswa. Mbiri itamveka, akadzidzi ena anabwerera, ngakhale si onse. Matemba nawo anachulukanso, koma pang'onopang'ono, pakuti kudya n'kwa tsiku limodzi, kuswana n'kwa zaka.

Ndipo mukadzakumana ndi mng'azi kudambo, mudzamuyang'ane pakamwa. Lilime lake ndi la mphanda mpaka lero, ndipo sakhudza kanthu asanalitulutse, lawilawi, chapatali, kufunsa ngati dziralo lili ndi manja.

Nthano yanga yathera pompa, mbatata zili paphulusazo zisapserere. Zanu zikamachepa, ana inu, ziwerengeni ndithu, kuwerenga si kulakwa. Koma wowerengayo pakamwa pake pazikhala poonekera.