Wogogoda Kumbuyo kwa Matola

Panali munthu wina, dalaivala wa matola, amene ankanyamula anthu ndi madengu a matimati kuchokera kumapiri kupita kumsika. Kagalimoto kake kanali kokalamba, kotsegula kumbuyo. Mkazi wake, Nachanza, ankakhala kumbuyoko pakati pa katundu. Munthu akafuna kutsika, Nachanza ankagogoda denga ndi chibangili cha pamkono pake, go, go, mwamunayo n'kuima. Anayenda choncho zaka zambiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, osaonana nkhope koma akumvana.

Tsono dzinja lina Nachanza anadwala, namwalira. Maliro atatha, mwana wawo wamkazi, Mwatitha, anakwera kumbuyo kukakhala pamalo pa mayi ake. Iyeyu analibe chibangili. Ankagogoda ndi chikhatho.

M'mawa wina akudutsa padambo, nkhungu itaphimba msewu, munthu uja anamva chitsulo chikulira kumbuyo kwake. Go, go. Anaima, koma panalibe wotsika. Dambo linali zii, akakowa ataima m'madzi osagwedezeka.

"Wagogoda ndani?" anafunsa.

"Palibe, ababa," anayankha Mwatitha.

Munthu uja anayendetsanso galimoto akumwetulira yekha, pakuti mumtima mwake anati wamva chibangili cha mkazi wake.

Kuyambira tsiku limenelo kugogoda kuja kunkabwera kawirikawiri. Iye anaphunzira nthawi zake. Msewu ukakhala wa maenje, kunkamveka. Mafuta akachepa, kunkamveka kwambiri. Koma akadzaza thanki, kunkangoti zii, ulendo wonse n'kumutalikira. Choncho analeka kudzaza thanki. Analekanso kuima akamva kugogoda. Ankangochepetsa liwiro n'kumacheza naye Nachanza: kuti mbuzi ija yaswa, kuti denga la khitchini likudontha, kuti mwana wakula. Mapiri ankayandama pamwamba pa nkhungu, mitengo ya bulugama ikudutsa pang'onopang'ono ngati kutulo, ndipo iye sankafuna kudzuka.

Ine sindikumuseka ayi. Amene anaikapo wake m'manda akudziwa kuti khutu limakhalabe likudikira pakhomo.

Koma okwera anayamba kudandaula za phokosolo, ndipo Mwatitha anawachonderera bambo ake mpaka anapita kwa makaniko. Makanikoyo anagwedeza matayala, sanamve kanthu. Anagwedeza ekizozi, phee. Kenako anatsamira kumbuyo kwa galimoto n'kuikankha uku ndi uku. Go, go. Anakwawira pansi, natuluka akupukuta manja.

"Achimwene, ndi thanki ya mafuta," anatero. "Lamba wachitsulo amene amaigwira wadyeka ndi dzimbiri. Ikadzaza imalemera, imakhazikika. Mafuta akachepa imadumpha n'kumamenya chitsulo chinzake. Tsiku lina ibowoka, ndipo kumbuyoku mumakweza anthu. Tagwadani muone nokha."

Munthu uja sanagwade. Anangoti, "Musakhudze," n'kuliza galimoto yake kumapita. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinkaimba tsiku ndi tsiku, mwini wake n'kumavina.

Linafika tsiku lotentha, akubwerera kuchokera kumsika. Kumbuyo kunali amayi ndi makanda, madengu opanda kanthu, ndi mdala wina akusuta fodya wake wopichira. Kugogoda kunayamba, ndipo tsikulo kunali kwamphamvu kuposa kale lonse. Munthu uja anasangalala. Anati lero Nachanza ali ndi nkhani zambiri. Mpweya wotentha unkavina pamwamba pa msewu, iye n'kumayankha, n'kumaseka, kugogoda kukumveka pansi, kukumvekanso padenga, iye osasiyanitsa.

Kenako mawu anaboola maloto aja: "Ababa! Imani!"

Anayang'ana pagalasi. Anaona nkhope ya Nachanza ali mtsikana, misozi ili chuchuchu. Anaphethira, ndipo anaona kuti ndi Mwatitha. Anaponda mabuleki.

Atatsika, fungo la petulo linamulandira. Kumbuyo kwawo kunali mzere wonyowa pafumbi, wotalika mpaka pamene maso amalekezera. Okwera anali atalumpha kale, ali chapatali atagwira pakamwa. Mwatitha anali atadzigwira dzanja. Atamva fungolo, ndudu ya mdala uja anali ataitsomphola n'kuizimitsa m'chikhatho, ndipo ndi chikhatho chomwecho chopsacho anali akumenya denga.

"Ndayamba kugogoda kalekale tili kumlatho, ababa," anatero.

Apa munthu uja anagwada. Anagona chagada pafumbi, nakwawira pansi pa galimoto, pamalo pamene anakana kuyang'ana. Anaona thanki ikulendewera mbali imodzi, lamba ataduka, mng'alu ukudontha. Panalibe chibangili. Panalibe munthu. Anakhalitsa pansipo, ndipo okwera ankangoona mapazi ake okha.

Anaitanitsa sopo, namufinya mpaka kufewa, namata pamng'alu paja. Anatenga waya, nazunguliza thanki, nakoka. Anaigwedeza ndi dzanja, inati go. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse, akulira. Anaigwedezanso, ndipo siinayankhe.

Atatuluka, anagwira dzanja lotupa la mwana wake, nalisunga m'manja mwake.

"Amayi ako anapita, mwanangu," anatero.

"Ndikudziwa, ababa," anayankha Mwatitha. "Ine ndilipo."

Tsono inu amene mwakhala pano, kulira sitikuletsani. Lirani, omwalirawo ndi anu. Koma m'nyumba mwanu mukamveka phokoso, gwadani muyang'ane kumene likuchokera, musalipatse dzina lokoma chifukwa choopa kuona. Chomasuka chimangeni chisanayake. Ndipo lero mukafika kunyumba, tatembenukani: alipo wamoyo amene wakhala akugogoda kumbuyo kwanu mpaka dzanja kutupa, inu makutu ali kumanda.