Munthu Amene Anazula Kababu Kofiira

Panali munthu wina, abale anga, amene galimoto yake sinkadziwa khomo la galaja. Kanthu kakavuta, ankavula malaya, n'kutenga sipanala, n'kulowa pansi yekha. Ndipo tisamunamizire, luso anali nalo. Makamaka pa nyali, eee, panalibe womuposa m'dera lonselo. Babu ikapsa, dzuwa silinkalowa asanaikepo ina.

Mwana wake wamkazi, Tiyamike, anapeza banja. Bamboyo anaimirira pamaso pa ankhoswe n'kunena kuti, "Za galimoto ya mkwatibwi musavutike nazo. Mwana wanga ndidzamunyamula ndekha, ndipo kutchalitchi ndidzamupereka ndi dzanja langali."

Paja kwathu kuno mdipiti wa ukwati umayenda nyali zikuphethira, mahutala akulira. Tsono iye anafuna kuti yake iwale kuposa zonse. Anapukuta magalasi a nyali zakutsogolo mpaka mbee. Anasintha mababu akumbuyo. Waya aliyense wogwedera anamumanga bwinobwino.

Koma m'mawa uliwonse pansi pa galimotoyo pankapezeka kachithaphwi. Paipi ya ku rediyeta, yodutsa madzi oziziritsa injini, inali itang'ambika. Iye anangoikulunga ndi chingwe cha mphira. Kugula yatsopano kunafuna ulendo wa kutauni, ndipo iye anati nthawi imeneyo alibe.

Posakhalitsa, kababu kofiira ka pafupi ndi chiwongolero, kochenjeza kuti injini yatentha, kanayamba kuyaka. Mkazi wake anakaona.

"Bambo a Tiyamike, kanyali aka kakuyakiranji? Si madzi akudontha aja?"

"Mayi, galimoto iyi ndakalamba nayo," anayankha. "Kababu kameneka n'kamantha chabe."

Koma kankamunyansa. Akayang'ana kutsogolo, iko psuu! Ndiye usiku wa ukwati usanafike, anamasula pachiwongolero paja, n'kukazula, n'kukaponya m'chitini cha misomali. Kufiira kuja kunatha, mtima wake unakhala m'malo. Madzi okha ndiwo sanasiye kudontha.

Tsiku la ukwati anavala suti, n'kutsogolera mdipiti. Nyali zikuphethira, amayi m'njira nthungululu, iye chifuwa patsogolo. Anakondwa kwambiri munthu uja.

Pakati pa chitunda cholowera kutchalitchi, injini inayamba kutsokomola. Kenako nthunzi inatuluka pa boneti, galimoto n'kuima. Mdipiti wonse unaima pambuyo pake.

"Ababa, abusa akudikira," anatero Tiyamike.

Bamboyo ankadziwa bwino lomwe kuti chitsekero cha rediyeta satsegula injini ili yotentha. Iye yemwe ndiye ankaphunzitsa anzake zimenezo. Koma maso a anthu onse anali pa iye, ndipo manyazi anamugwira. Anakweza boneti, n'kupotokola chitsekerocho. Madzi owira anatumphuka n'kumukhuthukira padzanja lamanja.

Galimoto ina inanyamula mkwatibwi akulira. Ina inatembenuka kuthamangira ndi bamboyo kuchipatala. Amene anapereka Tiyamike tsiku limenelo anali amalume ake. Ndipo galimoto ija inatsala yokha pachitunda, injini itafa, nyali zonse zikuphethirabe.

Tsono inu amene mwamva, munthu uyu sanali mbuli ayi. Paipi ankaidziwa, chingwe cha mphira anamanga yekha. Anangodana ndi chimene chinkamukumbutsa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Pakhomo panu alipo amene amakuyakirani mofiira: mwina ndi akazi anu, mwina mnzanu uja munasiya kumuyankha foni. Mukhoza kumukhalitsa chete lero lomwe, n'kosavuta. Koma mukatero, mawa m'mawa mukasuzumire pansi. Mukapeza kachithaphwi kaja kalipobe.