Ndani Atsale ndi a Chadzunda?

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje munali mayi dzina lake Nangondo. Amuna ake, a Chadzunda, anabwera pachikamwini ali mnyamata kuchokera kutsidya. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Koma a Chadzunda anakhala, nalima, nalera ana, mpaka imvi mbuu. Anadikira kuti akalambe kaye, ndiye ayambe kuterereka.

Nzeru zinayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Anaiwala mayina a ana awo, kenako dzina la mkazi wawo yemwe. Chimene sanaiwale ndi njira ya kwawo. Dzuwa likangopendeka ankapinda mkeka, kunyamula khasu, n'kutsanzika mwaulemu: "Mayi, mwandisunga bwino, koma amayi akundidikira kwathu." Amayi awowo anali atamwalira kalekale, ndipo mudzi wa kutsidyawo unali bwinja.

Nangondo anawabweza panjira ya kumtsinje mpaka mapazi kung'aluka. Anatopa mayi uja, kutopa kofika m'mafupa, kuja munthu amayamba kuipidwa ndi amene amamukonda, kenako n'kudzida yekha chifukwa cha kuipidwako. Ana anali kutali kuntchito. Abale ankabwera kudzanena pepani, kudya, n'kumapita. Tsono mitambo inayamba kusonkhana munda usanapangidwe mizere, ndipo mtsinje uja, umene m'chilimwe umalekeza m'mawondo, m'dzinja umatenga ndi ng'ombe zomwe. Akakhala pakhomo, njala. Akapita kumunda, maliro.

Choncho analengeza kuti akufuna mwamuna woti azitsala ndi a Chadzunda, malipiro ake mbuzi ndi chimanga pokolola. Anabwera atatu: Zefaniya, Kanyenda ndi Dzimbiri. Onse anapereka moni atagwada, onse anali ndi owachitira umboni, poti wofuna ntchito sasowa malume womuyamikira. Nangondo anawayang'ana nkhope mpaka maso kuwawa, osaonapo kanthu. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Anaganiza zopatsa aliyense tsiku lake, ndipo onse anawauza mawu amodzimodzi: "Kumtsinje asafike. Madzulo mundiuze zonse."

Woyamba anali Zefaniya, munthu wosatola ngakhale mango a mwini atagwera panjira. Anawasambitsa a Chadzunda, nawawenga zikhadabo, nawakhazika pamthunzi. Dzuwa litapendeka, mkulu uja anapinda mkeka wake.

"Agogo," anatero Zefaniya, "amayi anu anamwalira. Pamanda awo panamera kale mitengo."

A Chadzunda anataya khasu, nakhala m'fumbi, nayamba kulira ngati uthenga wangofika kumene. Anansi anathamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Nangondo pobwera kumunda anawapeza maso atatupa, chakudya atakana, koma ali pakhomo. Zefaniya anafotokoza zonse osasiyapo, ngakhale zoti masana anasinzako pang'ono.

"Nanga mawa akafunsanso?" anafunsa Nangondo.

"Ndidzawauzanso, mayi. Munthu wamkulu ngati ameneyu sindingamusewere ngati mwana. Ine bodza ayi."

Wachiwiri anali Kanyenda, wanthabwala, woseketsa ndi pamaliro pomwe. A Chadzunda atanyamula khasu, iye anaomba m'manja.

"Agogo, mwaiwala? Amayi atumiza mawu kuti apita ku chinamwali. Akuti mubwere mawa, akuphikirani nkhuku."

Mkulu uja anaseka, nabweza khasu. Anadya n'kupempha zina, nayimba nyimbo za paunyamata zimene Nangondo ankayesa zinapita ndi mayina a ana. Nangondo pobwera kumunda anawapeza atagona, nkhope ili see.

"Anavuta?"

"Ngakhale pang'ono, mayi. Za kwawo sanatchule n'komwe."

Nangondo anagona tulo timene anali ataiwala kukoma kwake. Koma m'mawa kuchitsime mnansi wake anamuuza zonse zimene anamva kuseri kwa mpanda, n'kuwonjezapo kuti mkuluyo anapunthwa pakhonde. Nangondo atafika kunyumba n'kupinda mkono wa malaya amene Kanyenda anawaveka, anapezadi kachilonda pachigongono, kotsukidwa bwino, komangidwa bwino. Anamuitana Kanyenda. Iye sanakane.

"Ndinaona maso anu, mayi, ofiira ngati a munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi. Ndinati mugoneko."

Wachitatu anali Dzimbiri, amene kale ankaweta ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinamuphunzitsa kusalankhula. Tsiku limenelo Nangondo pobwera anapeza pakhomo pali zii. Mkeka palibe, khasu palibe, anthu palibe. Anathamangira kumtsinje akutukwana tsiku limene anamuona Dzimbiri. Atafika padooko anawaona ali pakati pa madzi akubwera, Dzimbiri atawabereka a Chadzunda kumsana, khasu lili m'manja.

"Ndinakuuza chiyani iwe?" anakalipa Nangondo, a Chadzunda asanatsike n'komwe kumsana.

"Anati akupita kwawo," anayankha Dzimbiri. "Ndinawanyamulira khasu."

Mawu ena Nangondo anachita kumukoka ngati minga. Akuti atafika pabwinja paja, a Chadzunda anazungulirazungulira, napeza mtengo wa bwemba umene ankaudziwa, nakhala patsinde pake nthawi yaitali. Dzimbiri sanawauze kanthu. Kenako ananyamuka okha n'kunena kuti, "Kuno kulibe anthu. Tiye kwa mkazi wanga."

Nangondo akadali wopsa mtima choncho, a Chadzunda anamuyang'anitsitsa, nagwira dzanja lake.

"Nangondo, mwaonda bwanji chonchi?"

Mayi uja anakhala pamchenga n'kulira. Dzina lakelo anali atasiya kale kuliyembekezera kuchokera pakamwa pamenepo. Misozi itauma anatembenukira kwa Dzimbiri.

"Lumbira kuti sudzabwerezanso."

"Madzi akadzaza sindingawaolotse, mayi, sindine wamisala. Koma woona kuti adzaza ndidzakhala ine, inu muli kumunda. Ndikalonjeza zoposa apo, ndakunamizani."

Nangondo anabwerera kunyumba mutu ukulemera kuposa poyamba. Anafuna munthu wamakhalidwe, ndipo makhalidwewo anabwera atagawidwa patatu ngati nyama ya pamaliro. Akaganiza za Zefaniya, ankadziwa kuti kumunda azilima mtima uli m'malo, koma amuna ake azilira amayi awo tsiku ndi tsiku mpaka kumanda. Akaganiza za Kanyenda, ankamva nyimbo zija, kenako n'kudzifunsa kuti lero wabisa kachilonda, mawa adzabisa chiyani. Za Dzimbiri ndiye sankafuna kuziganiza n'komwe, chifukwa mtima unkamuthokoza pamene m'mimba munkamuopa. Mtsinje suuza munthu kuti kumtunda kwagwa mvula.

Anafunsa abale aja odziwa kunena pepani. Aliyense anasankha wake, nakangana, nadya, napita.

M'mawa mwake mvula yoyamba inagwa. Fungo la dothi linadzaza mudzi, anthu natulutsa mbewu zawo. Amuna atatu aja anabwera kudzamva yankho, naima mndandanda pansi pa tsindwi la nkhokwe, madzi akuwadonthera pamapewa. Nangondo anati mwini wake ndiye asankhe. Analowa m'nyumba, nagwada pafupi ndi amuna ake.

"Bambo, mwa anyamata atatu aja, mukufuna uti azikhala nanu?"

A Chadzunda anamumwetulira mwaulemu, monga amachitira mlendo wosungidwa bwino.

"Anyamata ati, mayi? Kodi inuyo kwanu n'kuti?"

Nangondo anatuluka, naima pakhomo, mbewu zili m'lichero, mbuzi imodzi yokha ili m'khola.

Tsono inu mwakhala phee mukumvetseranu, ine ndatopa nayo nkhaniyi ngati mwini wake. Pali wachilungamo woliza nkhalamba, pali wachifundo wabodza, pali wodziwa mtima wa wodwala koma wosamva za womulemba ntchito. Mukanakhala Nangondo, khasu likukudikirani ndipo mtsinje ukukwera, amuna anu mukanawasiya m'manja mwa ndani?