Makina Ofiira a Bambo Ooi

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Chaka Chatsopano chilowe, nyumba ya a Ooi Kean Huat ku Air Itam inali itatembenuzidwa ngati thumba. Makatani anali pachingwe, mipando pakhonde. Mkazi wawo, a Gaik Lean, anali atagwada patsogolo pa guwa la makolo, akusefa phulusa la mumphika wa lubani. Phulusa limenelo salitaya; amalisefa n'kulibwezera momwemo chaka ndi chaka. Koma lina limathawa sefa n'kukagona pakapeti, pamwamba pa makabati ndi m'ming'alu ya pansi, losalala kuposa ufa wa mpunga.

Tsiku lomwelo mwana wawo wamkazi Siew Pheng anaimba foni kuchokera ku Ipoh. Zaka ziwiri zinali zitadutsa asanabweretse mwana wake Hui Ern kwa agogo ake, chigwirireni mphumu kamtsikanako m'nyumba momwemo mpaka kugonekedwa m'chipatala. Chaka chino anavomera kubwera kudzadya nawo chakudya cha banja chotsekera chaka ndi kugona masiku atatu. Anapempha chinthu chimodzi chokha: nyumba isasesedwe ndi tsache, agulidwe makina oyamwa fumbi a mtundu umene adokotala ananena, okhala ndi sefa yothina yosabweza fumbi kunja. Chithunzi chake anatumiza pafoni.

A Kean Huat anachiyang'ana kamodzi n'kuika foni m'thumba. Zaka makumi anayi anazithera m'mimba mwa sitima zoolotsa anthu kupita ku Butterworth, akumasula ndi kumanga injini zazikulu ngati chipinda. Ankatha kudziwa matenda a injini pongogunditsa khutu kuchitsulo. Ndiye lero mwana amene anamusintha matewera aziwaphunzitsa kusankha makina?

M'mawa mwake anapita kusitolo ya zamagetsi ya pafupi ndi msika. Mayi wogulitsa, dzina lake Rohaya, anawaonetsa makina otuwa, aang'ono, ofanana ndi a pachithunzi paja. Atawayatsa anangong'ung'udza ngati mphaka wokhuta. A Kean Huat anapukusa mutu. Maso awo anali kale pakona, pamene panaima chimakina chofiira cha mimba ngati mgolo. Anachiyatsa okha. Chinabangula mpaka anthu odutsa panja anacheuka. Anatulutsa bauti m'thumba, n'kuiponya pansi, chimakina chija n'kuimeza kuti kwapu.

Rohaya anadikira phokoso lithe. "Ankolo, amenewotu ndi a m'galaja, otolera utuchi ndi madzi. Kodi kunyumba kuli wina wa chifuwa? Chifukwa sefa yake..."

"Mwana wanga," anamudula a Kean Huat mofatsa, "ine ndinayamba kumasula injini iwe usanamere mano. Ndikudziwa kale zimenezo."

Mayiyo anayesanso, akufuna kutsegula chivundikiro kuti awaonetse m'kati, koma iwo anali atayamba kale kukulunga chingwe. Rohaya anangotukula mapewa n'kuitana galimoto yoti iwaperekeze.

Masiku anayi chimakinacho chinabangula m'nyumbamo. Chinameza phulusa la pansi pa guwa, la pakapeti, la pamwamba pa makabati. Pansi pankawala. A Kean Huat ankayenda osavala nsapato, akumvetsera ndi zidendene ngati patsala kamchenga, ndipo sankapeza kanthu. Koma tsiku lachitatu, dzuwa la masana litalowa pazenera, a Gaik Lean anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana m'mwamba. M'kuwalamo munkayandama kautsi kotuwa, ngati nkhungu ya m'mawa.

"Bambo a Siew Pheng, chimnzanuchi chikudya kutsogolo n'kumatsokomola kumbuyo."

"Ndi utsi wa lubani wanuyo."

"Lero sindinayatse."

"Inu samalani mphika, ine ndisamale injini. Ndinayamba ndakuphunzitsanipo kuthira mchere?"

A Gaik Lean anawauza kuti mchere wawo sunatumizepo munthu kuchipatala, n'kubwerera kukhitchini. Madzulo ake Siew Pheng anaimba kufunsa ngati makina agulidwa. Bambo ake anayankha kuti agulidwa, ndipo nyumba ikuwala ngati galasi. Sananame, koma chilungamo anachisiya panja ngati nsapato.

Alendo anafika masana a tsiku lotsiriza la chaka. Hui Ern, wa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, anatsika galimoto isanaime bwino n'kudzakolekera m'khosi mwa agogo ake. Anali atatalika, mano awiri akutsogolo atachoka. A Kean Huat sanali munthu woonetsa za mumtima. Anangomusisita mutu n'kunena kuti walemera ngati nangula. Siew Pheng analowa m'nyumba akununkhiza mpweya, napititsa chala patebulo. A Gaik Lean anali atapukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa womwewo, ndiye chalacho chinabwerako choyera. Anamwetulira kwa nthawi yoyamba, n'kupita kukhitchini kukathandiza mayi ake kudula nsomba. Mkamwini anatsala panja akutsitsa katundu.

Kamtsikanako kanapeza chitini cha mabisiketi opyapyala okulunga aja amaphika a Gaik Lean chaka chilichonse. Kanakhala pakapeti n'kudya atatu, nyenyeswa zili mbwee. A Kean Huat anayang'ana nyenyeswazo, anayang'ananso dzuwa. Likangolowa, matsache onse amangidwa n'kubisidwa, pakuti wosesa pa Chaka Chatsopano amasesa mwayi wa banja. Nyenyeswazo zikanakhala pamenepo masiku atatu, alendo akuziponda. Komanso, kunena zoona, ankafuna mkamwini amve mmene makina enieni amalirira.

Anakoka chimakina chija kuchokera kuchipinda chosungira katundu n'kuchiyatsa. Anawerama, maso ali pansonga ya paipi, akuona nyenyeswa zikuthamangira m'kati. Sanaone kuti Hui Ern wakwawira kumbuyo kwa mgolowo, pamene pankatulukira mphepo yofunda. Mwanayo anagwada pamenepo, nkhope atailozetsa pabowo, akuseka mmene tsitsi lake linkaulukira.

Phokoso linazima mwadzidzidzi. A Kean Huat atadzutsa mutu anaona Siew Pheng ataima pakhoma, chingwe chili m'dzanja limodzi, mpeni wa nsomba uli m'dzanja linalo. Sanayang'ane bambo ake. Anayang'ana chimakina chofiira, kenako mwana wake.

"Amenewa ndi makina aja ndinakutumizirani, bambo?"

A Kean Huat anayamba kufotokoza za mphamvu ya injini yake, koma mawu anawathera panjira. Hui Ern ananena kuti ali bwinobwino, n'kuseka. Kenako anatsokomola kamodzi. Anatsokomolanso. Siew Pheng anamunyamula n'kupita naye pakhonde, nauza mwamuna wake atenge kachikwama kabuluu m'galimoto.

Anamupopera mankhwala m'kamwa kawiri n'kudikira. Onse anayi anaima momuzungulira. Kwa anansi kunkamveka mbale ndi kuseka. M'chifuwa cha mwanayo munayamba kulira kamluzu kakang'ono, ndipo a Kean Huat, amene khutu lawo linkamva bauti yomasuka pakati pa phokoso la injini ziwiri, anakamva bwino kuposa wina aliyense. Anamupoperanso. Kamluzuko sikanachoke. Khungu la pakhosi pake linkalowa m'kati akamakoka mpweya. Mayi ake anamufunsa dzina la mphunzitsi wake, ndipo mwanayo analitchula modukizadukiza, kupuma pakati pa dzina limodzi.

"Tiyeni," anatero Siew Pheng kwa mwamuna wake.

A Kean Huat anathamangira nsapato zawo. Anati akudziwa njira yachidule yozemba magalimoto opita kukachisi wa paphiri.

"Khalani, bambo. Mwadziwa zokwanira lero."

Galimoto inatuluka pageti n'kukalowa mumzere wa magalimoto oyenda ngati nkhono. Anaiyang'ana mpaka inakhota.

A Gaik Lean anayatsa lubani mmodzi paguwa, n'kukhala pampando foni ili pamiyendo. A Kean Huat anazungulira m'nyumba kawiri, kenako anakokera chimakina chija kuseri. Anatulutsa mpango woyera m'thumba, anauphimba pabowo la kumbuyo n'kuyatsa. Anawerenga mpaka khumi. Atauchotsa, pakati pa mpangowo panali chizindikiro chozungulira, chotuwa ngati ndalama yakale. Anamasula chivundikiro, chija Rohaya ankafuna kuwatsegulira. M'katimo munali kansalu kamodzi kokha ka mabowo ooneka ndi maso, ndipo pansi pa mgolo panali bauti yawo ija ndi nyenyeswa za mabisiketi. Phulusa linali lochepa kwambiri. Masiku anayi onsewo sankalichotsa m'nyumba. Ankalitola pansi pamene linagona n'kulimwaza m'mwamba, pofikira mphuno ya mwana.

Anakhala pansi pasitepe. M'sitima, wophunzira aliyense watsopano ankamuyambitsa ndi lamulo limodzi: usanatame injini, pita ukaone utsi wake. Iwo eni ake ndiwo ankaphunzitsa zimenezo.

Foni inalira dzuwa likulowa, nthawi imene mabanja onse a mumsewuwo ankakhala patebulo. A Gaik Lean anamvetsera, anatseka maso, kenako anaipereka kwa amuna awo. Siew Pheng ananena kuti mwana amuika chopumira kumaso ndipo chifuwa chamasuka. Agona komweko usiku umodzi, ndipo m'mawa abwerera ku Ipoh. A Kean Huat analonjeza kuti atsuka makoma onse ndi madzi, achapa kapeti, agula makina otuwa aja m'mawa kukangocha.

"Sitolo yake iti, bambo? Zonse zatseka. Ndipo mawa mukolopa, amayi akuyang'ana?" Mawu ake sanali okwiya, anali otopa. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Anadya awiriwiri patebulo lokonzedwera anthu asanu. Nsomba inabwerera kukhitchini itangodyedwa mbali imodzi.

M'mawa wa Chaka Chatsopano a Kean Huat anavala malaya ofiira n'kukwera basi kupita kuchipatala, atanyamula manachesi awiri ndi envulopu yofiira ya ndalama za mphatso. Anapeza galimoto yayatsidwa kale. Hui Ern anali kumpando wakumbuyo, wotumbululuka koma akumwetulira ndi mpata wa mano uja. Analandira envulopuyo pazenera ndi manja awiri, nawafunira agogo ake moyo wautali monga anamuphunzitsira, kenako anafunsa ngati chaka chamawa adzamulola kuseweranso ndi mphepo yofunda ija. A Kean Huat anayang'ana Siew Pheng n'kufunsa ngati chaka chamawacho chilipo.

"Tidzaona, bambo," anatero, n'kukweza galasi.

Atabwerera kunyumba anapeza phulusa lija latsika usiku wonse n'kuyala kansalu kotuwa patebulo, pamipando itatu yopanda anthu, ngakhale pachitini cha mabisiketi. Anatambasula dzanja kuti apukute ndi mkono wa malaya. A Gaik Lean anawagwira dzanjalo n'kulibweza.

"Lero ayi. Likhale pomwepo mpaka tsiku lachitatu, muliyang'ane bwino."

Ndipo analiyang'anadi masiku atatu, munthu amene anadziwa injini zonse za pamadzi koma analephera kudikira mayi wa m'sitolo amalize mawu ake. Akuluakulu sananame: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.